Mphere sizidikira choyezera magazi

Masiku ano ambirife tinazolowera kuti matenda enieni ndi amene aoneka m'magazi. Mwana akatentha thupi amam'baya pachala, ndipo pakapita mphindi zochepa timadziwa ngati ali malungo. Mayi akabwera kusikelo ya apakati, kadontho ka magazi kamatiuza za HIV ndi chindoko. N'chifukwa chake munthu wa mphere akangoonedwa pakhungu n'kupatsidwa mankhwala opaka, amatuluka akung'ung'udza kuti sanamuyeze n'komwe. Funso loti bwanji mphere sitiyeza m'magazi ndi lomveka ndithu, ndipo akatswiri akhala akulifufuza. Koma maganizo anga ndi akuti ife a kuno ku Kasungu tisakhale pansi kudikira choyezeracho.

Mphere zimayamba ndi kachirombo kotchedwa Sarcoptes scabiei, kakang'ono kwambiri moti n'kovuta kukaona ndi maso. Kakakazi kamaboola khungu, n'kumaikira mazira awiri kapena atatu patsiku. Kuyabwa kumene kumakusowetsani tulo usiku ndi thupi lanu lomwe likulimbana ndi kachiromboko, mazira ake ndi ndowe zake. Munthu akagwidwa koyamba, kuyabwa kumachedwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma nthawi yonseyo amakhala akupatsira anzake. Kawirikawiri pathupi lonse pamakhala tizirombo 10 kapena 15 basi, n'chifukwa chake ngakhale kupala khungu n'kuyang'ana pa maikulosikopu nthawi zambiri sikupeza kanthu.

Apa ndi pamene panachokera ganizo loyeza magazi. Thupi likakumana ndi mdani limapanga zodzitetezera zotchedwa maantibodi, ndipo zimenezi ndi zomwe timafufuza poyeza HIV pachala. Larry Arlian ndi Marjorie Morgan a ku Wright State University ku America, komanso Shelley Walton ndi anzake ku Australia, atha zaka zambiri akufunafuna njira yotere ya mphere. Kwa agalu ndi nkhumba zoyezera zamtunduwu zilipo kale. Kwa anthu, palibe chimene chafika poti n'kudaliridwa m'zipatala tsiku ndi tsiku.

Zovuta zake ndi zitatu. Choyamba, maantibodi amachedwa kuoneka, choncho amene wangotenga kumene mphere angauzidwe kuti alibe. Chachiwiri, sachoka msanga munthu akachira. Pa HIV zimenezi sizisokoneza mwa akuluakulu chifukwa kachiromboko sikachoka m'thupi, koma mphere zimachira n'kubweranso. Kumudzi kumene mwana wadwalapo kawiri kapena katatu, magazi angamanene za chaka chatha, pamene ife tikufunsa za lero. Chachitatu, kachirombo ka mphere ndi pachibale ndi tizirombo ta m'fumbi la m'nyumba, ndipo magazi a anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Nanga tili ndi chiyani m'manja? Mu 2017 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mphere pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa, ndipo limati nthawi ina iliyonse anthu osachepera 200 miliyoni amakhala ali nazo. Mu 2020 gulu la akatswiri la International Alliance for the Control of Scabies linagwirizana mfundo zodziwira mphere, ndipo zambiri mwa izo sizifuna labotale. Wachipatala amayang'ana pakati pa zala, m'mikono, m'khwapa, pamchombo, m'matako, kumawere ndi kumaliseche. Kwa khanda amaonanso m'manja, kuphazi ndi m'mutu. Kenaka amafunsa mafunso awiri: kodi mukuyabwa, ndipo kodi pali wina kunyumba amene akukanda? Kumeneku n'kuyeza kwenikweni. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wophunzitsidwa bwino angathe kutero pansi pa mtengo, bola kukhale kowala ndiponso pa malo aulemu.

Taganizirani moyo wathu wa kuno. Nyengo ya fodya imasonkhanitsa anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana m'maesiteti, banja lonse m'kanyumba kamodzi, mphasa imodzi. Pamene mabelo akupita ku okushoni ya Chinkhoma, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumakhala kukufika, ana anayi afunda bulangeti limodzi. Onjezani malo ogona ana asukulu. Mphere zimayenda ndi kukhudzana kwa khungu kwa nthawi yaitali, osati ndi umve wokha monga ambiri amanenera, ndipo manyazi amene mawu amenewa amabweretsa ndi amene amabisitsa odwala. Kwa anansi athu ku Benga m'boma la Nkhotakota, madokotala a khungu a ntchito ya DerMalawi anaona mphere zikuchuluka kwambiri pakati pa 2015 ndi 2018. Anazipeza ndi maso ndi mafunso.

Musazitenge ngati kuyabwa chabe. Mwana akakanda, zilonda zimalowa tizirombo tina n'kuyamba mafinya. Ena mwa ana amenewa pambuyo pake amatupa nkhope ndi miyendo chifukwa impso zavulala, ndipo pali umboni woti zilonda zoterezi zimakhudzana ndi matenda a mtima. Amene chitetezo chawo chatsika amatha kukhala ndi mphere za nkhanambo, zokhala ndi tizirombo tosawerengeka, ndipo munthu mmodzi wotere angapatsire wodi yonse.

Sindikunena kuti kafukufukuyu ndi wopanda pake. Mphere zimafanana ndi zidzolo zina, ndipo wachipatala wotopa, amene waona anthu ambirimbiri kuyambira m'mawa, angalakwitse. Choyezera chabwino chingathandize pa odwala okayikitsa, komanso kudziwa ngati matenda akutha m'dera. Chikadzabwera tidzachilandira. Koma paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ku Fiji, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2015 anaonetsa kuti kupatsa mudzi wonse ivermectin kunachepetsa mphere ndi 94 peresenti m'chaka chimodzi, popanda kuyeza magazi a munthu aliyense. Chimene chimatigonjetsa ife si kusowa kwa makina ayi, koma kuchiza mwana mmodzi n'kumubwezera pamphasa yomwe ija.

Choncho m'nyumba mwanu wina akayamba kukanda usiku, pitani nonse, ngakhale amene sakuyabwa, ndipo mupake mankhwala tsiku limodzi. Kaya mwapatsidwa benzyl benzoate, permethrin kapena mafuta a sulphur, pakani thupi lonse, osati pazilonda pokha, ndipo mubwereze monga mwauzidwira. Mayi woyembekezera ndi mwana wosafika makilogalamu 15 asamwe ivermectin. Alipo mankhwala opaka owayenera. Zovala ndi zofunda zichapeni m'madzi otentha, kapena muzimange m'thumba lapulasitiki kwa masiku osachepera atatu. Kuyabwa kungapitirire mpaka masabata anayi mutachira kale, musathamangire kugula mankhwala ena pamsika.

Ndipo inu eni maesiteti, aphunzitsi aakulu ndi mafumu, mukaona anthu angapo akukanda nthawi imodzi, itanani alangizi a zaumoyo sabata yomweyo. Inu oyendetsa zipatala, onetsetsani kuti mankhwala opaka akukwanira banja lonse, osati botolo limodzi la amene wabwera yekha.