Kapinga amene timamutukwana kumunda

Tsidya la malire, pa boma la Mulanje, pali bwalo la gofu la maenje 9. Lina lotere lili ku Thyolo. Mabwalo amenewa anabwera ndi azungu a minda ya tiyi m'nthawi ya atsamunda. Ambiri a ife kuno ku Milange sitinagwirepo ndodo ya gofu ndipo mwina tidzafa tisanaigwire, choncho wina afunsa kuti nanga nkhani ya masewero a mabwana ikudzatani pa tsamba lino. Dekhani, awerengi. Za masewerowo sizikundikhudza, ine ndikufuna tikambe za udzu.

Gofu ndi kumenya kampira ndi ndodo mpaka kakagwere m'kadzenje kotambalala mamilimita 108, kuchepera chikhatho cha munthu wamkulu. Kuti kampirako kagubuduke mosapatuka, udzu wozungulira dzenjelo amaumeta kutsala mamilimita 3 mpaka 5 okha, ndipo nthawi imene ukukula msanga amaumeta pafupifupi tsiku ndi tsiku. Udzu wake ndi uti? M'maiko otentha ngati kwathu kuno, pa mabwalo ambiri amabzala kapinga. Inde, kapinga yemweyu amene amatithyola msana popalira chimanga. Ku America amamutchula kuti udzu wa Bermuda ndipo amachita kumugula ndi ndalama.

Ku Ulaya osamala mabwalowa amayamba ntchito yaikulu chisanu chikangotha, udzu ukamadzuka. Kwathu nthawi yofanana nayo ndi ino ya Okutobala ndi Novembala, chiperoni chitatha kalekale, chizimalupsa chitadutsa, tikudikira mvula yobzalira. Zimene amachita anthu amenewa pa nyengo yotere ndi ulimi weniweni, mlimi aliyense angazimve.

Choyamba amapalasa udzu wakufa umene waunjikana pansi ngati mphasa, chifukwa umatsekereza madzi ndi kusunga matenda. Kenaka amabowola nthaka timaenje tambirimbiri tonga chala, akuchotsamo dothi. Cholinga chake n'chakuti pamalo popondedwa chaka chonse nthaka imagwirana ngati pakhonde pozira, mizu imasowa mpweya, ndipo mvula ikagwa madzi amangoyenda pamwamba. Akatha kubowola amawaza mchenga n'kuusesera m'timaenjemo. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri bwalo limanyansa ndipo osewera amang'ung'udza, koma osamala bwalo samva zimenezo, amadziwa chimene chikubwera mu Januwale. Amakonzanso ngalande mvula isanagwe, amasula ziswe, amanola mipeni ya makina ometera popeza mpeni wobuntha umang'amba tsamba m'malo molidula. Pali mabwalo ena kumene m'mamawa munthu amayenda ndi nsungwi yaitali kuyoyola mame pa udzu kuti usagwidwe chuku.

Koma nzeru imene yandigwira mtima kwambiri ndi yosafuna ngakhale khobidi limodzi. Dzenje lija silikhala malo amodzi. Pakapita masiku angapo amalitseka n'kuboola lina chapafupi, kuti mapazi asamangopondereza malo amodzimodzi, udzu wa pakale upume.

Tsopano tabwerani tiyime pa bwalo la mpira la pa sukulu ya m'mudzi mwanu. Mwezi uno ndi fumbi lokhalokha, mwana akagwa amanyamuka bondo litasupuka. Pagolo pali chidzenje chimene goloyi amayimamo ngati ali m'nkhuti. Njira ya kumsika yadula pakati penipeni, njinga zamoto zimadutsa pomwepo, ophunzira kuyendetsa galimoto ndi pomwepo, mbuzi azimangirira pomwepo. Ikafika Januwale dzenje la pagolo lija lasanduka dziwe, kumtunda kwayamba kangalande kamene chaka chamawa kadzakhale chigwembe. Masewero aimitsidwa, tilengeza pa wailesi kuti mpira walephereka kaamba ka mvula. Koma kodi mvula inatidzidzimutsa? Ife okhala patsinde pa phiri la Tumbine, amene tinaona phiri likugumuka mu 1998 ndiponso namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndife anthu osafunika kuuzidwa zimene madzi amachita pa nthaka yopanda chofunda.

Ndikudziwa yankho la ambiri: a gofu ali ndi ndalama, mathirakitala ndi mapaipi. Zoona, ndipo kuthirira udzu wosewerera m'chilimwe pamene amayi akupanga mzere pa mjigo si chinthu chimene ndingachiyamikire. Ifeyo sitikufuna udzu wobiriwira mu Okutobala, tikungofuna udzu wamoyo umene mizu yake igwire dothi, ndipo kapinga amatha kuuma pamwamba chilimwe chonse n'kudzuka mvula ikagwa. Onaninso kukula kwa ntchito. Bwalo la gofu la maenje 9 kawirikawiri limadya mahekitala oposa 20, pamene bwalo la mpira la mamita 105 mulitali ndi 68 mulifupi silikwana n'komwe hekitala imodzi. Pali mabanja angati muno amene amalima okha munda woposa pamenepo ndi khasu?

Ena amati Eusébio anakulira pa fumbi la ku Mafalala, akusewera wopanda nsapato, koma anagwedeza dziko lonse. Sindikutsutsa. Koma fumbi silinamuphunzitse mpira, ndipo palibe amene anawerenga anzake amene anasiyira panjira chifukwa cha bondo kapena kakolo.

Chofunika ndi ichi. Mvula isanayambe, anyamata a timu ndi makolo a komiti ya sukulu akumbe ngalande kumtunda kwa bwalo yopatutsa madzi, m'mphepete mwake adzabzale vetiva. Maenje akwiriridwe ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino komanso mchenga pang'ono, apondedwe kuti palingane. Pamene pauma gwa, makamaka pagolo ndi pakati poyambira mpira, pabowoledwe ndi foloko yolimira kapena chitsulo chosongoka. Mvula yeniyeni ikagwa nthaka n'kunyowa, mwana wa sukulu aliyense abwere ndi mtolo wa kapinga wozula kumunda kwa makolo ake, ndipo ndikhulupirira palibe kholo limene lingakanize. Abzalidwe m'mizere yotalikirana chikhatho chimodzi kapena ziwiri, mfundo zake zikwiririke. Mchengawo musakautape pansi pa mlatho kapena kugumula gombe la mtsinje, tingakonze bwalo n'kuononga msewu.

Apa ndiye pali povuta, pamene pamafunika mawu a amfumu, a sekeletale ndi aphunzitsi aakulu: bwalo litsekedwe kwa sabata 4 kapena 6 kufikira kapingayo atayanga. Anyamata adzadandaula ngati mmene amadandaulira mabwana a gofu. Apezereni pena pothamangira, poti ndi nthawi yobzala ndi kupalira, ambiri amakhala kumunda ndi kale. Njira yodula pakati ija itsekedwe ndi minga, anthu azizungulira. Mbuzi nazo zichoke. N'zoona kuti ku Scotland kumene gofu inayambira, nkhosa ndi akalulu ndiwo ankameta udzu wa m'mabwalo makina asanabwere, koma zimenezo zinkayenda momasuka pa udzu wokhwima. Mbuzi yomangirira pa chikhomo imadya malo amodzi mpaka dothi kuonekera.

Bwalo likatsegulidwa, tengerani nzeru ya dzenje losunthasuntha ija. Pochita mapulakatisi musamagwiritse ntchito magolo enieni. Zikani nsungwi ziwiri cham'mbali, sabata ino uku, sabata yamawa uko, magolo enieni azidikira tsiku la mpikisano. Pometa ndi chikwakwa musapale mpaka pansi, dulani nsonga zokha kawirikawiri, ndipo chizolowezi chotentha bwalo mu Ogasiti chitheretu. Pojambula mizere gwiritsani ntchito laimu kapena phulusa. Oyilo wakutha wa galimoto amapha udzu, ndipo kukumba mizere ndi khasu n'kutsegulira madzi njira.

Pali chinanso chimene a komiti ya sukulu ayenera kuchiganizira. Malo akuchepa, anthu tikuchuluka, ndipo bwalo lokumbikakumbika limaoneka ngati lopanda mwini. Lero wina alima mzere umodzi wa chimanga kuseri kwa golo, mawa wina aumba njerwa pakona, chaka chinacho pamangidwa okala. Malinga ndi lamulo la malo la 1997, nthaka ya Mozambique ndi ya boma, ndipo mudzi uli ndi ufulu pa malo amene ukuwagwiritsa ntchito. Tsiku lodzakangana za malire a bwalo, mzere wa vetiva ndi ngalande yokumbidwa ndi mudzi wonse zidzakuthandizani kuloza pamene bwalo limathera.