Musanathire ndalama ya ganyu mu laputopu yakale, funsani kaye

Lachiwiri pa buleki ndinamva anyamata a Fomu 3 akukangana kuseri kwa kalasi. Wina amalimbikira kuti, "Aise, ukangowonjezera RAM basi, gemu iliyonse imalowa." Ndinafuna kulowererapo koma belu linalira, ndiye ndayankhira pano, chifukwa bodza limeneli ine linandidyera ndalama.

Achimwene anga pobwerera ku Joni anandisiyira laputopu yakale ya Core i3, RAM yake 4 GB. Timaitchaja pa sola. PES 2013 ndi FIFA 14 zimayenda bwinobwino, moti Loweruka madzulo pakhonde pathu pamadzaza ngati pa vidiyo ya pa Jali. Koma tsiku lina tinaonera FC 24 pa YouTube, osewera akuoneka ngati anthu enieni, thukuta ndi ndevu zomwe. Kuyambira pamenepo laputopu ija tinayamba kuiona ngati ya agogo.

Nthawi yokolola ndinagwira ganyu yomweta ndi kupuntha mpunga ku sikimu ya Likangala masabata awiri, msana kuchita kuwawa. Ndalama yonse ndinapita nayo mtauni ku Zomba kwa mkulu wina wokonza makompyuta, n'kumuuza kuti andiwonjezere RAM. Anandiikira, inakwana 8 GB. Iye sanandinamize ayi, anachita zimene ndinamutuma. Wolakwa ndinali ine amene sindinamuuze chimene ndimafuna. Kufika kunyumba, anzanga atazungulira, tinaidina gemu ija. Sikirini inangoti bii, kenako kauthenga ka Chingerezi, basi. Kuseka kwake kuja mpaka lero ena amanditchula kuti "8 GB".

Chimene ndinadzamvetsa mochedwa ndi ichi. RAM ili ngati mphasa yoyanikapo mpunga: ikakula, umayanika zambiri nthawi imodzi. Koma zithunzi za gemu sizijambulidwa ndi RAM, zimajambulidwa ndi graphics. Eni ake a FC 24, kampani ya EA, analemba poyera kuti pa kompyuta pamafunika RAM yosachepera 8 GB, malo okwana 100 GB, komanso graphics card yofika pa GTX 1050 Ti. Ine ndinawerenga mzere woyamba wokha n'kuthamanga. Laputopu yanga ili ndi Intel HD Graphics, yomwe inamangidwira mkati mwa purosesa, ndipo sungaizule kuti uikemo ina. Pa kompyuta ya pa desiki, ija ya bokosi, umatha kusomeka khadi yatsopano, koma pa malaputopu ambiri ayi. Zimene ndinachita zili ngati kukulitsa kaliyala wa njinga ya kabaza n'kumayembekeza kuti ithamanga ngati yamoto.

Sindikunena kuti kukonza chinthu chakale n'kutaya ndalama. RAM ija inathandiza ndithu: pano ndimatsegula mapepala akale a mayeso a MSCE angapo nthawi imodzi, nyimbo zikulira, osaima. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri sichinadye ngakhale tambala. Titatsegula kunsi tinapeza fani itatsekeka ndi fumbi, lija limauluka mu Okutobala madzi a Chilwa akaphwera. Makina akatentha kwambiri amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse. Titapukuta ndi kaburashi, FIFA 14 inasiya kudukiza pakati pa mpira. Ndikadzapezanso ndalama ndidzagula SSD, chifukwa imafulumizitsa kuyaka ndi kutsegula zinthu, ngakhale nayonso siingapangitse FC 24 kuyenda. Ndipo amene mukufunabe RAM, onani kaye ngati yanu ndi DDR3 kapena DDR4. Sizilowana, mukagula yolakwika mudzangoisunga m'thumba.

A mafoni nanunso musaseke. Memori khadi si RAM. Imasunga nyimbo ndi zithunzi, koma siithamangitsa gemu. RAM ya foni inamatidwa pa bolodi, ndipo timapulogalamu tija timalonjeza kuti "tikuwonjezerani liwiro" timangokuthera bando ndi zotsatsa malonda.

Ena amati ungogula yatsopano. Ndi ndalama ziti, eti? Pakhomo pathu fizi ya teremu ino inachokera ku matumba a mpunga omwewo, ndipo ndalama ya mayeso a MANEB ikudikira. Ine sindingapite kwa mayi kukapempha mtengo wa matumba angapo kuti ndione thukuta la Haaland.

Komanso tinene zoona, gemu yakale yalakwa chiyani? Mu PES 2013 Messi adakali ku Barcelona, Ronaldo ali ku Real Madrid, ndipo chigoli cha mphindi ya 90 chimapwetekabe chimodzimodzi. Mnyamata wa Fomu 3 uja, ngati ukuwerenga, bwera Loweruka ndi laputopu yako tione kaye zimene zili mkatimo usanapite nayo ku Zomba. Ubweretsenso padi yako, yathu ina batani lowombera linafa.