Tsitsi lisaweruze mwana wanu

Inu makolo a ku Mitundu ndi ku Nathenje, mwana akayamba kufika usiku maso ali psuu, ndalama ya soya n'kumasowa m'nyumba, mtima umafuna umboni. Mwina munamvapo kuti maiko ena amayeza tsitsi kuti adziwe ngati munthu amasuta chamba. N'zoona, koma tiyeni tione kaye ngati njirayi ingatithandize kuno kwathu.

Mankhwala ozunguza bongo akalowa m'magazi, ena amatsalira m'tsitsi lomwe likumera. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho akadula masentimita 3 kuchokera pakhungu amaona za miyezi itatu yapitayo. Zimene munthu wasuta dzulo sizioneka, chifukwa pamatenga pafupifupi sabata kuti tsitsilo litulukire kunja. Magazi ndi malovu zimaonetsa za tsiku limodzi kapena awiri. Mkodzo umasunga chamba masiku angapo, ndipo kwa wosuta tsiku ndi tsiku mwina mpaka mwezi. Kuyeza mkodzo n'kotchipa ndipo zotsatira zimatuluka pompopompo, pomwe tsitsi limafuna labotale ya makina odula.

Vuto si mtengo wokha. Utsi wa chamba umakakamira kutsitsi la munthu amene wangokhala pafupi ndi osuta, monga mnyamata wa kabaza pa siteji. Tsitsi lakuda ngati lathuli limagwira mankhwala ena, monga cocaine, kwambiri kuposa tsitsi loyera. Mankhwala owongolera tsitsi amatha kuchepetsa zomwe zikanaoneka. Nanga ana athu ambiri a sukulu amene amameta mpala, mudula chiyani?

Ku Toronto m'dziko la Canada, labotale ya Motherisk inatsekedwa mu 2015 zitadziwika kuti zotsatira zake za tsitsi zinali zosadalirika. Pomwepo n'kuti makolo ena atalandidwa kale ana awo chifukwa cha zotsatirazo. Ngati zinachitika kumeneko, ife tisathamangire.

Mkodzo nawo umanamiza nthawi zina. Mankhwala a ARV otchedwa efavirenz amatha kuchititsa kachipangizo koyezera mwachangu kuonetsa chamba kwa munthu yemwe sanasutepo. N'chifukwa chake zotsatira zoyamba ziyenera kutsimikizidwa ku labotale. Kumbukirani kuti lamulo la 2020 linangoloreza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso. Kusuta ukadali mlandu. Pepala lolakwika likhoza kuchotsetsa mwana sukulu kapena bambo ntchito.

Maganizo anga ndi awa: kuyeza kulikonse kuchitike ku chipatala, mwini wake akudziwa, ndipo cholinga chikhale kumuthandiza. Aphunzitsi akulu ndi olemba anthu ntchito asasandutse zotsatira kukhala chikwapu. Tsitsi, mkodzo kapena magazi sizingakuuzeni chomwe chinamuyambitsa mwana kusuta, kaya ndi anzake, ulova kapena mikangano ya pakhomo. Zimenezi mumazimva mukakhala naye pansi, atadya, inu mtima utazizira.

Mukaona kuti zafika povuta, pitani naye ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje akakuunikireni koyenera kupita. Mumzinda wa Lilongwe, a St John of God amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba. M'mera mpoyamba: musadikire umboni wa papepala kuti muyambe kulankhula ndi mwana wanu.