Mwana wa Kuchigwa ndi Kompyuta

Alipo makolo ndi aphunzitsi amene amanena kuti kuphunzitsa mwana wa ku Nsanje kulemba mapulogalamu a kompyuta n'kutaya nthawi. Amati mwana amene sukulu yake imasanduka msasa wa anthu othawa madzi afunika ufa ndi bulangeti, osati makina. Mawu amenewa amamveka ngati achifundo, koma ndi olakwa. Ufa umafika madzi atawononga kale, pomwe chimene mudzi umasowa ndi chenjezo lofika msanga.

Pulogalamu si matsenga ayi. Ndi malangizo ondondozana amene munthu amapatsa makina. Ana akaika chitini choongoka pabwalo la sukulu, nayeza mvula ndi rula m'mawa uliwonse, apeza kale manambala. Chotsala n'kulemba lamulo: ngati mvula ya masiku atatu yapyola muyeso wakuti, belu lilire. Mwana wazaka khumi angathe kulemba zimenezi m'chiyankhulo cha Scratch, chimene sukulu ya MIT ku Amereka inatulutsa mwaulere mu 2007. Ndipo akalakwitsa muyeso, belu n'kumalira pa mvula yowaza, anzake amamuseka, iye n'kubwerera kukakonza. Pamenepo waphunzira masamu, jogalafe ndi kuleza mtima pa phunziro limodzi.

Olakwa ena ndi amene amaphunzitsa kompyuta pongoloweza mayina a ziwalo zake pa bolodi, ngati kuti dziko lino lilibe mafunso ofuna mayankho. Napolo anagumula mapiri ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991. Madzi anamiza midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Januwale 2015. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Kodi mwana amene anaona zoterezi n'kumulembetsa pulogalamu yovinitsa kamphaka pagalasi?

Chodandaula cha magetsi n'choona. Mu 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mdima n'kukuta ngakhale mizinda. Komatu lamulo la belu lija limayamba kulembedwa m'kope ndi pensulo. Mwana mmodzi amawerenga manambala, wina amatsata malangizo ngati makina, wachitatu agwira belu. Kompyuta ikadzafika pasukulupo, idzapeza manambala a mvula a zaka zitatu akuidikira m'kabati ya aphunzitsi aakulu.