Akulu a asilikali athu akupita ndi mbiri yawo kumanda

Ku Sadzi kuno mabanja ambiri ali ndi wachibale amene anadyapo nsima ya ku Cobbe Barracks. Koma mutafunsa pamsika kuti Cobbe anali yani, ambiri angopukusa mutu. Anali Mngelezi, Alexander Cobbe, amene analandira mendulo ya Victoria Cross atamenya nkhondo ku Somaliland mu 1902 akutsogolera asilikali ochokera kuno kwathu. Moyo wake unalembedwa. Wa anyamata amene anaima naye pamzere wa zipolopolo unazimirira.

Anzathu a ku America pa nkhani imeneyi sagona. Nkhondo yawo yapachiweniweni, ya 1861 mpaka 1865, inapha anthu oposa 600,000, ndipo gwero lake linali ukapolo. Mpaka lero amalembabe za amene anaitsogolera, opambana ndi ogonja omwe. Amene amandigwira mtima ndi Ulysses Grant. Munthuyu anasiya usilikali mu 1854, ulimi unamukanika, ndipo nkhondo ikuyamba n'kuti akugwira ntchito m'sitolo ya zikopa ya bambo ake ku Galena. Patangotha zaka zinayi, pa 9 Epulo 1865, Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a mbali inayo, anagonja pamaso pake ku Appomattox. Grant sanawanyazitse adani akewo. Anawapatsa chakudya chifukwa anali ndi njala, n'kuwalola kutenga akavalo awo kuti akalimire kumudzi. Mlimi aliyense akudziwa tanthauzo lake pamene nyengo yodzala yayandikira.

Kenako Grant anakhala pulezidenti kuyambira 1869 mpaka 1877, boma lake likudetsedwa ndi katangale wa anthu amene ankawakhulupirira. Mu 1884 mnzake wa bizinesi anamugwetsa, chuma chonse psiti. Akudwala khansa ya pakhosi, kulankhula kukumuvuta, anakhala pansi n'kulemba mbiri ya moyo wake kuti mkazi wake asadzavutike. Anamaliza kutatsala masiku ochepa kuti amwalire mu Julaye 1885, ndipo Mark Twain ndiye anasindikiza bukulo. Ndionjezepo kuti Lynchburg, kumene John Chilembwe anakaphunzira atapita ku America mu 1897, ili pafupi ndi Appomattox. Chilembwe anafika kumeneko ambiri omenya nkhondoyo adakali moyo.

Nanga athu? Graciano Matewere anali Mmalawi woyamba kutsogolera gulu lathu la nkhondo, mu 1972, ndipo Melvin Khanga anabwera pambuyo pake. Anatumikira m'nthawi imene mawu amodzi olakwika ankamutengera munthu kundende ya Mikuyu. Ankaganiza zotani? Ankaopa chiyani? Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, njira ya zisankho za 1994 n'kutseguka. Mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, Henry Odillo ndi asilikali ake anaima pa malamulo a dziko, Joyce Banda n'kulumbira. Maiko ambiri a mu Africa alamulidwapo ndi mfuti, ife ayi. Zimenezi sizinangochitika zokha. Pali anthu amene anasankha, ena usiku, mtima uli phaphapha, ndipo ine ndikufuna kumva kuchokera pakamwa pawo, zabwino ndi zoipa zomwe, kuphatikizapo za Yatuta Chisiza amene anaphedwa ndi asilikali athu omwe mu 1967.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zipangizo zonse zili mu Zomba momwemuno. National Archives ili pano, University of Malawi ili ku Chirunga, chipilala chokumbukira asilikali a KAR chili chilili ndi mayina ake. Asilikali opuma tili nawo m'makomo mwathu, akusewera bawo pakhonde, ena anapita ku Mozambique kukalondera njanji ya Nacala, ena ku Congo. Ndikupempha aphunzitsi a mbiri kuti chaka chino atumize ophunzira awo kwa madalawa ndi kope ndi foni yojambulira mawu, ndipo akuluakulu a Malawi Defence Force alole opumawo kulankhula momasuka.