Mwana waulumali akamaliza sukulu, kuntchito kumulandire

Inu kholo lomwe mwabereka mwana waulumali kupita naye kusukulu tsiku ndi tsiku, funso lomwe limakusowetsani tulo ndi limodzi: akadzamaliza maphunziro, adzamulemba ntchito ndani? Nkhawa yanuyo ndi yomveka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse azaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali. Amenewa ndi anthu ambiri oti dziko silingawasiye pakhomo.

Malamulo alipo. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali. Vuto lili pansi: masitepe pakhomo la ofesi, chimbudzi chopanikiza, ndi bwana yemwe amaona ndodo asanaone satifiketi.

Olemba ntchito ambiri amadandaula kuti kukonza malo kumadula. Zina zimafunadi ndalama, koma zambiri ayi. Wogwiritsa ntchito njinga ya olumala amafuna njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe. Muyeso wake ndi wakuti pa sentimita imodzi yokwera, njirayo italike masentimita 12. Choncho khonde lokwera masentimita 30 limafuna njira ya mamita 3.6. Ikafupika imakhala phiri, ndipo munthu angathe kugubuduzika. Chitseko chikhale chotambalala pafupifupi masentimita 90, ndipo m'chimbudzi mukhale zitsulo zogwirira.

Wosaona angathe kugwira ntchito pa kompyuta ndi pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zalembedwa, monga NVDA, yomwe ndi yaulere. Wosamva amafuna malangizo olembedwa komanso womasulira chinenero cha manja pamisonkhano. Mnzathu wachialubino amafuna mthunzi, chipewa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi zilembo zikuluzikulu, poti maso ake saona bwino patali. Wodwala khunyu amafuna nthawi yokatenga mankhwala kuchipatala popanda kumudula malipiro.

Inu odzipereka pa zaumoyo, apa ndi pamene mawu anu amalemera. Uzani anthu kumsika, kuesiteti ndi kumaofesi kuti khunyu sapatsirana. Mnzawo akagwa, achotse zinthu zomwe zingamupweteke, asamuike kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneke cham'mbali. Kukapitirira mphindi zisanu, athamangire naye kuchipatala. Anthu akadziwa izi mantha amatha, ndipo ntchito ya munthu imapulumuka. Yang'ananinso chipatala chanu chomwe: kodi namwino woyendera njinga angalowe m'chipinda chilichonse?

Makolo, musamubise mwana kapena kumuchitira chilichonse. Mulekeni aphunzire kunena yekha chomwe akufuna kuti agwire bwino ntchito, chifukwa mwini ulumali ndiye amadziwa pomwe pakumuvuta. Akasalidwa, kadandauleni kuofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kapena fikani ku bungwe la FEDOMA lomwe limayankhulira anthu aulumali.

Ulumali sumangobwera pobadwa. Ngozi ya pamsewu, sitiroko kapena matenda a shuga zingathe kumusintha aliyense wa ife lero lomwe. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Njira yotsetsereka yomwe mungakakamize kuti imangidwe chaka chino, mwina mudzayendapo ndinu.