Mkwiyo ukagwira chiwongolero

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa kwa Goliati m'boma la Thyolo tsiku la msika akudziwa mmene zimakhalira. Amayi asenza madengu a tomato, ophunzira akulowera ku Ndata kumene sukulu ya ukachenjede ya MUST idatsegulidwa mu 2014, anyamata a kabaza akulimbirana okwera. Kenaka kumatulukira minibasi ikuliza hutala kosalekeza, ikupitirira inzake pamalo okhota, ngati kuti woyenda pansi alibe gawo pamsewupo.

Buku lachiwiri la Mafumu limasimba za Yehu, amene mlonda adamuzindikira ali kutali chifukwa cha kayendetsedwe kake kaukali. Kayendetsedwe ka munthu kamaulula za mumtima mwake.

Dziko lathu lili ndi lamulo la zapamsewu la 1997. Lamuloli limaletsa kuyendetsa galimoto mosasamala, mosaganizira ena, kapena utaledzera, ndipo wolakwa angathe kulipitsidwa chindapusa, kulandidwa chiphaso, ngakhale kutsekeredwa m'ndende. Komatu wapolisi sangaime pa khona iliyonse ya m'minda ya tiyi. Chifunga cha chiperoni chikakuta mapiri mbandakucha, antchito othyola tiyi ali m'mbali mwa msewu, dalaivala amatsala yekha ndi chikumbumtima chake.

Tisathamangire kuloza chala madalaivala okha. Mwini minibasi akalamula kuti madzulo alandire ndalama zakutizakuti, zivute zitani, ndiye kuti wayamba kale kuponda moto iyeyo ali khale kunyumba. Nafenso okwera timakalipa galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, koma timangoti chete ikamauluka. Ena mwa ife timatambasula dzanja ndi kangachepe kuti mlandu uthere pamsewu pomwepo. Potero timagula ngozi ya mawa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi zapamsewu, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Amenewa ndi anthu onga mayi wa tomato uja, amene ana ake akumudikira kuti abwere ndi ndiwo.

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Inu a dalaivala, lolani mnzanu adutse, simuchepa nazo. Inu okwera, yankhulani liwiro likanyanya, pakuti moyo uli m'galimotomo ndi wanu. Ndipo inu eni galimoto, dzifunseni ngati ndalama ya madzulo ano ingadzutse munthu kumanda.